Kodi duwa la pepo limeneli ndi spotted knapweed, ndipo likuwononga chiyani m'madambo a ku Montana?

Mayi Nabanda, Missoula:
Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa zomera za kuno. Kuseri kwa nyumba imene tikuchita lendi, m'mbali mwa mpanda ndiponso m'mphepete mwa njira yopita ku phiri la Mount Jumbo kuno ku Missoula, m'boma la Montana ku America, mwamera chomera chambirimbiri chokhala ndi maluwa a pinki opita ku pepo, ndipo mwezi uno wa Julaye chachita maluwa paliponse. Msinkhu wake chimandilekeza m'chiuno, nthambi zake ndi zowonda koma zolimba, masamba ake ndi otuwa ndi ong'ambikang'ambika, ndipo alibe minga. Njuchi zimachikonda kwambiri, motero ndimafuna kuchisiya, koma mayi amene tayandikana nawo nyumba akuti ameneyu ndi knapweed ndipo lamulo la Montana sililola kuti mwini malo amusiye abereke mbewu. Ndisanazule chinthu chimene mwina ndi chobadwira kuno, ndikufuna kudziwa mmene munthu angachizindikirire mosakayika, komanso kuipa kwake kwenikweni. Ndaika zithunzi zitatu.

Bambo Chirwa, Bozeman:
Mayi Nabanda, chithunzi chanu chachiwiri ndicho chayankha funsoli. Musadalire mtundu wa duwa, chifukwa maluwa a pinki ndi a pepo ndi ochuluka kuno nyengo ino, ndipo ena mwa iwo, monga wild bergamot ndi blazing star, ndi obadwira kuno amene sayenera kuzulidwa. Yang'anani kamutu kobiriwira kamene kali kunsi kwa duwalo, kokutidwa ndi timamba tosanjikizana. Kamamba kalikonse kali ndi nsonga yakuda ya makona atatu, ndipo m'mphepete mwa nsongayo muli timano tating'ono tondanda ngati ta chipeso. Madontho akuda amenewo ndiwo chizindikiro cha spotted knapweed, amene akatswiri a zomera amamutcha Centaurea stoebe, ngakhale kuti m'mabuku akale mudzamupeza akutchedwa Centaurea maculosa.

Pali zizindikiro zina zimene zimathandiza maluwa asanatuluke. Chaka choyamba chomerachi sichikwera, chimangoyala masamba pansi mozungulira, otuwa, ogawikana kwambiri mpaka pafupi ndi mtsempha wapakati. Chikatero chimakhala chikukuza muzu umodzi wautali wolunjika pansi. Chaka chachiwiri ndi pamene chimatulutsa tsinde limodzi kapena angapo, ndipo masamba amanka nachepa mukamakwera m'mwamba, mpaka apamwamba amangokhala timasamba towonda tosagawikana. Mukachigwira ndi manja kenaka n'kukhudza pamlomo mudzamva kuwawa kwambiri, chifukwa masamba ake ali ndi mankhwala otchedwa cnicin, amenenso amayabwa pakhungu la anthu ena. Anzanu aja akunena zoona pa za lamulo. Knapweed ameneyu ali pa mndandanda wa zomera zoipa wa boma la Montana, ndipo lamulo limati mwini malo asamulole kufalikira kapena kubereka mbewu pokhapokha ngati akutsata ndondomeko yomuthetsera imene wagwirizana ndi ofesi yoona za zomera zotere m'boma lake laling'ono.

Bambo Mbewe, Kamloops:
Ndikugwirizana ndi achimwene a Chirwa, koma ndionjezepo kuti abale ake awiri amasokoneza anthu ambiri, ndipo kuwasiyanitsa n'kofunika chifukwa njira yolimbana nawo si imodzi. Kuno ku British Columbia, ku Canada, m'mapiri ouma ozungulira Kamloops, tili ndi diffuse knapweed wambiri. Iyeyu maluwa ake kawirikawiri ndi oyera, mitu yake ndi ing'onoing'ono, ndipo timamba take timathera ndi kaminga kolasa, kotero kuti mukafinya mutu wake ndi zala mumamva kubaya. Akauma amathyoka patsinde n'kumagubuduzika ndi mphepo, akumwaza mbewu njira yonse mpaka atakodwa pa waya wa mpanda. Anapezeka koyamba ku America mu 1907 m'munda wa alfalfa, mbewu yodyetsa ziweto, m'boma la Washington.

Winayo ndi Russian knapweed, ndipo ameneyu ndiye wovuta kwa amene amadalira kuzula. Timamba take n'tozungulira kunsonga, topyapyala, topanda dontho lakuda kapena minga. Chizindikiro chake chachikulu chili pansi, pakuti mizu yake ndi yakuda ndipo imayenda chopingasa m'nthaka n'kumaphukira paliponse. Mukamuzula, kachidutswa ka muzu kotsala kamaphukanso. Alinso ndi poizoni kwa akavalo, amene akamudya kwa nthawi yaitali ubongo wawo umaonongeka mpaka amalephera kutafuna ndi kumeza, ndipo matendawo sachizika. Choncho Mayi Nabanda, mukazula chomera chimodzi muone muzu. Ukakhala umodzi wolunjika pansi, ndiye kuti si Russian knapweed, ndipo pamodzi ndi madontho akuda aja zimene anena a Chirwa zatsimikizika.

Bambo Kalua, Leeds:
Akuluakulu, nkhaniyi ikundidabwitsa. Kuno ku Britain knapweed ndi duwa lolemekezeka. Mbewu zake zimagulitsidwa m'timapaketi ta maluwa a m'tchire, mabungwe osamala zachilengedwe amalimbikitsa anthu kumudzala, ndipo amatchulidwa pakati pa maluwa opatsa njuchi ndi agulugufe timadzi tambiri kuposa ena. Ndamuona m'madambo a ku Yorkshire atamera pamodzi ndi udzu ndi maluwa ena osapondereza chilichonse. Zikutheka bwanji kuti chomera chimodzimodzi chikhale chabwino kuno koma choletsedwa ndi lamulo kumeneko? Kodi si mantha chabe a alimi a ng'ombe amene safuna chilichonse chimene ng'ombe zawo sizidya?

Bambo Chirwa, Bozeman:
Bambo Kalua, funso lanu ndi loyenera, ndipo lili ndi mayankho awiri. Loyamba n'lakuti amene mukumuona ku Yorkshire ndi wina, common knapweed, Centaurea nigra, amene timamba take ndi tabulauni woderapo pafupifupi paliponse ndipo masamba ake sagawikana kwambiri. Lachiwiri, limene ndi lalikulu, n'lakuti ngakhale spotted knapweed weniweniyo kwawo, kum'mawa ndi pakati pa Ulaya, sakhala wolanda malo. Kumeneko ali ndi tizilombo tambiri timene timadya mbewu ndi mizu yake, ali ndi matenda a m'nthaka amene amamufooketsa, ndiponso amamera pakati pa zomera zimene zakhala zikupikisana naye kwa zaka zikwi zambiri. Atafika kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kudzera m'mbewu za alfalfa zosakanikirana ndi zake komanso m'dothi limene sitima zapamadzi zinkanyamula kuti zilemere, adani onsewo anatsala kutsidya. Anaonedwa koyamba ku Victoria, ku British Columbia, ndipo cha m'ma 1920 anali atafika m'chigwa cha Bitterroot, kum'mwera kwa kumene kukukhala Mayi Nabanda. Kuchokera pamenepo anatsata misewu, njanji ndi malo odyetsedwa mopitirira muyeso mpaka anafika m'maboma aang'ono onse 56 a Montana, pa maekala mamiliyoni angapo.

Palinso chinthu china chimene ofufuza anapeza. Ku Ulaya mtundu umenewu uli pawiri. Wina ali ndi magulu awiri a makromozomu, tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa, ndipo kawirikawiri amachita maluwa kamodzi n'kufa, pamene wina ali ndi magulu anayi ndipo amakhala zaka zingapo akubereka chaka ndi chaka. Amene anafalikira ku America ndi wachiwiriyu. Chomera chimodzi chimabereka mbewu mazana ambiri, nthawi zina kupitirira 1,000, ndipo mbewuzo zimatha kukhala zamoyo m'nthaka zaka 8 kapena kuposerapo. Alimi a ng'ombe amadandauladi, ndipo kafukufuku wa mu 1996 anayerekeza kuti mitundu ya knapweed inkaluzitsa chuma cha Montana ndalama zokwana madola 42 miliyoni pachaka, koma chimene chimandiwawa ine si ng'ombe ayi.

Mayi Nangozo, Traverse City:
Musanapitirire, achimwene, mundilole ndiyankhulireko alimi a njuchi, chifukwa ndimasunga ming'oma ingapo kuno kumpoto kwa Michigan. Uchi wotchuka wa dera lino, umene umagulitsidwa ndi dzina la star thistle honey, umachokera ku spotted knapweed yemweyu. Ndi woyera, wofatsa kukoma, ndipo umabwera mu Julaye ndi Ogasiti pamene maluwa ena ambiri atha. Njuchi za kuno ndi zimenenso zimanyamula mungu m'minda ya matcheri imene chuma cha dera lino chimadalira, ndipo mphamvu zolowera nazo m'nyengo yozizira zimazipeza pa duwa limeneli. Pamene ofufuza a ku Michigan State University anayamba kumwaza tizilombo todya knapweed, alimi a njuchi ambiri anakwiya, ndipo sindingawanene kuti analakwa.

Komabe sindingabise zimene ndimaona ndi maso anga ku Sleeping Bear Dunes, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan. Pa zitunda za mchenga zimenezo pamamera Pitcher's thistle, chomera chotuwa cha maluwa oyererako chimene sichipezeka kwina kulikonse padziko kupatula m'magombe a nyanja zikuluzikulu za kuno zotchedwa Great Lakes, ndipo boma la America linachiika pa mndandanda wa zomera zimene zili pangozi mu 1988. Chimafuna mchenga wapoyera, woyenda ndi mphepo, ndipo chimakhala zaka zingapo chisanachite maluwa kamodzi kokha n'kufa. Knapweed akalowa amamanga mchengawo ndi kudzaza malo amene mbande zake zikanamera. Choncho mtima wanga uli pawiri, ndipo ndikufuna mundiuze mosabisa ngati kuononga kwake kukuposadi phindu limene njuchi zimapeza.

Bambo Chirwa, Bozeman:
Achemwali, uchi umenewo ndi weniweni ndipo sindiupeputsa. Koma taonani chimene chimakhalapo knapweed asanabwere. Madambo a kumadzulo kwa Montana ndi a udzu womera m'zitsinde, makamaka bluebunch wheatgrass, Idaho fescue ndi rough fescue, ndipo pakati pa zitsindezo pamamera maluwa amitundumitundu amene amasinthana kuyambira chipale chikangosungunuka mpaka kumapeto kwa chilimwe. Pali arrowleaf balsamroot wa maluwa achikasu amene amakongoletsa mapiri a Missoula mu Meyi, pali lupine, palinso bitterroot, amene muzu wake ndi chakudya cholemekezeka cha anthu a mtundu wa Salish kuyambira kalekale. Njuchi za m'tchire za kuno, zimene zambiri zimakhala pazokha m'maenje a m'nthaka ndipo zimauluka milungu yochepa chabe pachaka, zimadalira kusinthana kumeneko. Dambo likasanduka la knapweed yekhayekha limapereka chakudya chochuluka kwa miyezi iwiri, koma njuchi imene imatuluka mu Meyi imapeza mulibe kanthu.

Nthaka nayonso imavutika. Udzu wa zitsinde uli ndi mizu yambirimbiri yolukana imene imagwira dothi, ndipo masamba ake ouma amaphimba pansi, pamene knapweed ali ndi muzu umodzi ndipo pakati pa chomera ndi chinzake pamakhala poyera. Pa kafukufuku amene John Lacey ndi anzake anafalitsa mu 1989, atathira madzi oyerekeza mvula pa malo a mitundu iwiriyi, madzi othamanga pamwamba anachuluka ndi 56 peresenti pa malo a knapweed, ndipo dothi lokokoloka linachuluka ndi 192 peresenti. Dothi limenelo limakathera m'mitsinje mmene nsomba za trout zimaikira mazira pa timiyala toyera.

Ndiye pali nyama. Mayi Nabanda mukudziwa kuti mbali yaikulu ya Mount Jumbo imatsekedwa nyengo yozizira kuti gulu la elk, agwape akuluakulu a kuno, lipeze mtendere. Nyama zimenezo zimatsikira kumeneko kufuna udzu wouma wa zitsinde, ndipo mapesi olimba a knapweed sangalowe m'malo mwake. Yvette Ortega ndi anzake, pofufuza timbalame totchedwa chipping sparrow kumadzulo kwa Montana, anapeza kuti m'malo olandidwa ndi knapweed ziwala zinali zochepa, timbalameto tinkachedwa kumanga zisa, ndipo tochepa ndi timene tinkabwereranso pamalopo chaka chotsatira. Peter Lesica ndi Stephen Shelly anaonetsanso mu 1996 kuti kachomera kosowa kotchedwa Sapphire rockcress, kamene kamapezeka kum'mwera chakumadzulo kwa Montana kokha, mbande zake zimamera bwino knapweed akachotsedwa. Zimenezi ndi zimene zimandichititsa kunena kuti mtengo wa uchiwo ukulipiridwa ndi zamoyo zimene zilibe kwina kothawira.

Bambo Kalua, Leeds:
Ndamva, ndipo nkhani ya njuchi za mu Meyi yandigwira mtima. Koma ndinawerengapo kuti chomerachi chimatulutsa poizoni m'mizu yake wopha zomera zoyandikana nacho. Ngati zili choncho, kodi nthaka ya Mayi Nabanda siinaonongeke kale moti china chilichonse sichingamerepo?

Bambo Chirwa, Bozeman:
Apa pafunika kusamala, chifukwa nkhani imeneyi imafalitsidwa ngati yotsimikizika pamene akatswiri eni ake akutsutsanabe. Mu 2000 Ragan Callaway wa ku University of Montana ndi Erik Aschehoug anadzala diffuse knapweed m'miphika pamodzi ndi udzu wa ku Montana komanso udzu wofanana nawo wa ku mapiri a Caucasus, kumalire a Ulaya ndi Asia, kwawo kwa chomeracho. Udzu wa ku Montana unafooka kwambiri kuposa wa ku Caucasus, ndipo atasakaniza dothi ndi makala apadera oyamwa mankhwala, kufookako kunachepa. Zimenezi zinapereka ganizo lakuti chomera chachilendo chingabwere ndi chida chimene zomera za kumalo atsopano sizinakumanepo nacho. Mu 2003 gulu lina linalengeza m'magazini ya Science kuti kwa spotted knapweed chida chimenecho ndi mankhwala otchedwa catechin. Koma ofufuza ena atayesa dothi la m'minda yeniyeni, nthawi zambiri ankapeza catechin wochepa kwambiri kapena osamupeza n'komwe, ndipo anaonanso kuti amasweka msanga m'nthaka yonyowa.

Maganizo anga ndi akuti mankhwala a m'mizu mwina amathandizako pa nthawi zina, koma mphamvu yaikulu ya knapweed ili m'zinthu zooneka: amayamba kukula msanga chipale chikangochoka, muzu wake umafika pa chinyezi chakuya, ziweto zimamulambalala n'kumadya udzu womuzungulira, ndipo mbewu zake ndi zosawerengeka. Nthaka ya Mayi Nabanda siinafe. M'malo ambiri mmene knapweed anachotsedwa zomera zina zinamera bwinobwino, ndipo funso lovuta ndi lakuti zimene zinamerazo ndi ziti.

Bambo Mwale, Zomba:
Ana anga, ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, popeza knapweed sindinamuonepo. Koma ndinagwira ntchito ya zankhalango zaka zambiri, ndipo zimene mukukambazi zili ndi mbale wake kuno. Namasupuni anachokera ku South America, anadzaza mtsinje wa Shire mpaka kumasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kunabweretsedwa tizilombo ta mtundu wa nankafumbwe totchedwa Neochetina kuti tizimudya. Ngati vuto la knapweed ndi lakuti anasiya adani ake ku Ulaya, monga mwanenera Bambo Chirwa, kodi njira yanzeru si kukatenga adaniwo? Nanga ngati anatengedwa kale, n'chifukwa chiyani akadali wochuluka chomwechi?

Bambo Mbewe, Kamloops:
Bambo Mwale, anatengedwadi, ndipo ntchitoyi inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mitundu 13 ya tizilombo inabweretsedwa ku Canada ndi ku America italoledwa ndi maboma. Zoyamba zinali ntchentche ziwiri za mtundu wa Urophora, zimene mphutsi zake zimakhala m'mutu wa duwa n'kuchepetsa mbewu. Zinafalikira paliponse ndipo mbewu zinachepadi kwambiri, koma knapweed sanachepe, chifukwa ngakhale zitatsala mbewu zochepa pa zana lililonse zimakwanabe kudzaza malo onse opanda kanthu. Kusintha kunaoneka atabwera anankafumbwe. Larinus minutus, amene mphutsi yake imadya mbewu ndipo wamkulu amadya masamba ndi khungwa la tsinde, ndiye amene Judith Myers wa ku University of British Columbia ndi ophunzira ake anamuona akugwetsa diffuse knapweed kum'mwera kwa chigawo chino cha m'ma 2000. Kwa spotted knapweed wamphamvu ndi Cyphocleonus achates, nankafumbwe wamkulu wotuwa amene sauluka kawirikawiri, ndipo mphutsi yake imaboola muzu n'kukhala m'kati. Pa famu imene ndimagwira ntchito timang'amba mizu mu Juni kuti tione ngati muli mphutsi yoyera yopindika, ndipo tikaipeza yambiri pamalopo sitipoperapo mankhwala.

Bambo Chirwa, Bozeman:
Ndionjezere zinthu ziwiri zimene zinachitika kuno ku Montana, chifukwa zimayankha mbali yachiwiri ya funso la Bambo Mwale. Ntchentche za Urophora zija, polephera kugonjetsa knapweed, zinachulukana pamodzi naye, ndipo mphutsi zake zimagona m'mitu youma nyengo yonse yozizira. Mbewa zotchedwa deer mouse zinaphunzira kukwera mapesi ndi kuswa mituyo. Dean Pearson wa ku Rocky Mountain Research Station, ku Missoula komweko, pamodzi ndi Callaway anafalitsa mu 2006 kuti mbewazi zinachuluka kowirikiza m'malo a knapweed, ndipo mbewa zonyamula kachilombo ka hantavirus, kamene kamayambitsa matenda oopsa a m'mapapo mwa anthu, zinachulukanso. Mbewa zomwezo zimadya mbewu za zomera zobadwira kuno, makamaka zazikulu ngati za balsamroot. Ntchentchezo sizinadye chomera cholakwika chilichonse, monga mmene anaziyezera zisanamwazidwe, koma zinasintha chakudya cha nyama zina m'njira imene palibe anaiganizira.

Chachiwiri ndi chimene Jim Story anaona pafupi ndi Corvallis, m'chigwa cha Bitterroot. Pa malo awiri mmene Cyphocleonus anachuluka, knapweed anatsika kwambiri m'zaka pafupifupi 10, pena mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Koma chimene chinadzaza malowo chinali cheatgrass, udzu wachilendo wa chaka chimodzi umene umauma msanga mu Juni ndipo umayaka mosavuta. Moto ukadutsa pafupipafupi, udzu wa zitsinde ndi zitsamba za sagebrush zimatha, cheatgrass n'kuwonjezereka. Zofanana ndi zimenezi zaonekanso pamene mankhwala a picloram anapoperedwa pa malo aakulu: knapweed anafa, maluwa ambiri obadwira kuno anachepa chifukwa mankhwalawo sasankha pakati pa zomera za masamba aakulu, ndipo cheatgrass anapeza mpata. Ndiye chifukwa chake ndimakana kuti kupha knapweed ndi kubwezeretsa dambo ndi chinthu chimodzi. Munthu asanayambe ntchitoyi ayenera kudziwa chimene chatsala pansi pa knapweedyo ndi chimene adzaikepo iye akachoka.

Bambo Mwale, Zomba:
Mfundo yomalizayo ndaimva bwino. Pa phiri la Mulanje mitengo ya paini ya ku Mexico, Pinus patula, inadzalidwa ndi cholinga chabwino, kenaka inafalikira yokha m'malo a mkungudza ndi m'madambo a pamwamba. Kuigwetsa kunatheka, koma kubwezeretsa mkungudza pa malo amenewo kwakhala ntchito yovuta kwambiri kuposa kugwetsako. Pempho langa kwa inu amene muli kunjako ndi lakuti musamatumize kuno mbewu za maluwa zimene mwatola m'tchire kapena timapaketi tosakaniza mitundu yosadziwika, ngakhale duwalo likongole bwanji.

Mayi Nabanda, Missoula:
Zikomo kwambiri nonse. Ndazula chimodzi ndipo muzu ndi umodzi wolunjika pansi, timamba tili ndi nsonga zakuda, choncho palibenso chikaiko. Ndaonanso kuti pakati pa knapweedyo pali zitsinde zingapo za udzu wobiriwira motuwira, zimene ndikuganiza kuti ndi bluebunch mukunenayo. Malowo ndi aang'ono, ngati theka la bwalo la netibolo. Eni nyumba andilola kuchitapo kanthu ndipo anena kuti angathe kugula mankhwala. Kodi ndiyambire pati, popeza maluwa atuluka kale?

Bambo Mbewe, Kamloops:
Pa malo aang'ono choncho, mayi, mankhwala musawafulumirire. Chofunika sabata ino ndi kuti mbewu za chaka chino zisagwe pansi. Valani magolovesi ndi malaya a manja aatali, thirirani malowo madzulo kuti dothi lifewe, ndipo m'mawa muzule chomera chilichonse pamodzi ndi mutu wa muzu, pamene tsinde limakumana ndi muzuwo, chifukwa mukangothyola pamwamba chimaphukanso. Zonse zimene zili ndi maluwa muziike m'matumba apulasitiki olimba, mumange, mukataye ku zinyalala zopita kudzala la mzinda. Musaziunjike pakona kapena kuziika pa manyowa, pakuti mitu yodulidwa ili ndi maluwa imatha kukhwimitsabe mbewu. Kutchetcha ndi makina pafupipafupi sikuthandiza, chifukwa chomeracho chimazolowera n'kumachita maluwa chili chachifupi kunsi kwa mpeni. Muzule mosamala kuti musagwedeze zitsinde za udzu mwaonazo, ndipo mukamaliza mutsuke nsapato ndi kupesa ubweya wa galu ngati muli naye musanapite kukayenda kuphiri.

Pa malo aakulu ndi pamene timaphatikiza njira zingapo. Nkhosa zimadya knapweed bwino kuposa ng'ombe, makamaka akadali wanthete kapena atangoyamba mphukira za maluwa, ndipo mzinda wanu wa Missoula wagwiritsapo ntchito nkhosa pa mapiri ake polimbana ndi zomera zachilendo. Amene amalowa ndi akavalo m'nkhalango za boma ku Montana amalamulidwa kunyamula udzu wouma wokhala ndi chiphaso chakuti mulibe mbewu za zomera zoipa, chifukwa njira zambiri za m'mapiri knapweed anazilowa kudzera m'chakudya cha ziweto.

Mayi Nangozo, Traverse City:
Ngati eni nyumba aumirira mankhwala, dziwani kuti aminopyralid ndi clopyralid, amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa knapweed, sasweka msanga m'zomera zakufa ngakhale m'ndowe za ziweto zimene zadya udzu wopoperedwa. Manyowa otero akalowa m'dimba, tomato, nyemba ndi mbatatesi zimapiringizika masamba n'kulephera kubereka. Ndiponso musapopere maluwa ali otseguka njuchi zikugwira ntchito. Ine kumbali yanga ndayamba kudzala wild bergamot ndi mitundu ya goldenrod ndi aster yobadwira kuno pafupi ndi ming'oma, kuti knapweed akamachepa njuchi zisagwe m'njala ya Ogasiti. Uchi wake ndi woderapo ndipo ogula ena saukonda ngati woyera uja, koma njuchi zimalowa nawo bwino m'nyengo yozizira.

Bambo Chirwa, Bozeman:
Mayi Nabanda, zitsinde mwapezazo ndizo chuma cha malowo. Jambulani ngala zake ndi pamene tsamba limakumana ndi phesi, mupite nazo ku ofesi ya Missoula County yoona za zomera zoipa kapena muziike pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lothandiza kuzindikira zamoyo, kuti mutsimikize kuti ndi bluebunch osati crested wheatgrass, amene ndi wachilendo ndipo amafanana naye patali. Mukatha kuzula, pansi padzakhala poyera, ndipo malo oyera amenewo musawasiye. Kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, nthaka itazizira koma isanaume ndi chisanu, fesani mbewu za bluebunch wheatgrass ndi Idaho fescue pamodzi ndi maluwa opirira monga blanketflower ndi yarrow wobadwira kuno, mukokere dothi pang'ono pamwamba, ndipo zidzamera chipale chikasungunuka. Pogula mbewu werengani maina onse olembedwa pa paketi, chifukwa zosakaniza zambiri za maluwa a m'tchire zimakhala ndi bachelor's button, Centaurea cyanus, amene ndi mbale wake wa knapweed wochokeranso ku Ulaya ndipo amathawira m'madambo ouma.

Mu Epulo ndi Meyi mudzaona mbande za knapweed zambiri zikutuluka kuchokera ku mbewu zakale za m'nthaka. Nthawi imeneyo ndi yosavuta kuzula chifukwa dothi limakhala lonyowa ndipo muzu ukadali waufupi. Mudzachitenso chimodzimodzi mvula ya Sepitembala ikagwa, ndipo muyembekezere kubwereza ntchitoyi kwa zaka zingapo, kuchuluka kwake kukunka kuchepa. Cheatgrass mudzamuzindikira ndi masamba ofewa aubweya ndi ngala zowerama zimene zimasanduka zofiirira kumapeto kwa Meyi, ndipo ameneyo muzimuzula ngala zisanaume.